Musandiuze mitengo yomwe mwadzala, ndiuzeni yomwe ikadali moyo

Anthu awiri andiuza za bungwe limodzi losamalira zachilengedwe, ndipo mukadawamva mukadayesa akunena mabungwe awiri osiyana. Woyamba ndi mayi wina wachikulire amene ndimawapatsa ulemu kwambiri. Kwa zaka zambiri akhala akupatula kangachepe mwezi ndi mwezi n'kutumiza kubungweko, ndipo salola munthu kulinenera zoipa. Akuti kalata yothokoza imafika msanga, lipoti la pachaka limabwera ndi zithunzi zoti ukaziona mtima umakhala m'malo, ndipo tsiku lina atafunsa za ndalama zawo adawayankha dzuwa lisanalowe. Wachiwiri ndi mnyamata amene adagwira ntchito kubungwe lomwelo, osati mu ofesi, koma kunja komwe mbande zimapita. Iyeyu akuti chomwe ankauzidwa kuwerenga ndi machubu otuluka mu nazale basi. Akapempha kuti abwerereko mvula itatha, akaone mitengo yomwe yagwira, ankamuyankha kuti mu bajeti mulibe mafuta a ulendo wotero.

Sindikhulupirira kuti pali amene akunama. Mayi aja adalandiridwadi bwino, ndipo mnyamatayo akunena zomwe adaona ndi maso ake. Chondivuta n'chakuti ambiri a ife, tikafuna kudziwa ngati bungwe lotere likupindulitsa, timamvera mawu a mayi aja n'kukhutira, pomwe a mnyamatayo timawataya kuti ndi madandaulo a munthu wokwiya. Ine ndikuti pamenepa tasemphanitsa.

Taganizani kaye chomwe chimasiyanitsa ntchito imeneyi ndi ntchito zina zachifundo. Bungwe likamanga chipatala, wodwala angathe kunena kuti mankhwala kulibe. Likakumba mjigo, okatunga madzi adzanena tsiku lomwe wawonongeka. Koma nkhalango silemba kalata. Mtsinje ukamaphwa sudandaula kwa aliyense, ndipo mbalame ikasiya kuikira mazira pomwe idazolowera imangosowa mwakachetechete. Wolandira thandizo pano alibe pakamwa. Mawu onse omwe timamva ndi a anthu oima m'mbali: opereka ndalama, olandira malipiro, olemba malipoti. Onsewa angathe kukhala okondwa kotheratu nkhalango ikutha.

Wopereka thandizo amaona zomwe bungwe lasankha kumuonetsa. Chimenecho si chinyengo ayi. Palibe amene angaike chithunzi cha mbande youma pachikuto cha lipoti. Mabungwe akuluakulu ali ndi nthambi yathunthu yomwe ntchito yake ndi kusamala mtima wa opereka: kuwathokoza, kuwakumbutsa, kuwatumizira nkhani yokoma nthawi yopempha ikayandikira. Ndiye wopereka akamati bungweli ndi labwino, kawirikawiri amakhala akuchitira umboni luso la nthambi imeneyo, osati zomwe zachitika kuthengo.

Wopereka wochenjererapo sathera pa zithunzi. Amafunsa kuti pa ndalama zomwe wapereka, ndi zingati zatsalira mu ofesi. Funsoli limamveka lanzeru, ndipo kwa nthawi yaitali lidali muyeso waukulu woyezera mabungwe achifundo. Koma mu 2013 atsogoleri a mabungwe atatu a ku America omwe ntchito yawo idali kuunika mabungwe oterewa, GuideStar, Charity Navigator ndi BBB Wise Giving Alliance, adalemba kalata yapoyera yopempha opereka thandizo kuti asiye kuweruza bungwe potengera chiwerengero chimenechi pachokha. Adaona kuti chikuvulaza ntchito. Bungwe likafuna kuoneka losasakaza ndalama, zoyamba kudulidwa ndi zinthu zosajambulika: kuphunzitsa antchito, kusunga bwino mabuku, kulemba ntchito munthu wodziwa kuyeza zotsatira, ndi mafuta aja mnyamata uja adamanidwa. Opereka amaombera m'manja kuti ndalama zonse zapita kuntchito, osadziwa kuti achotsa maso a bungwe.

Ndidaimapo pamalo ena pomwe padadzalidwa mitengo, patadutsa nyengo ziwiri za mvula. Chikwangwani chidali chiimire, utoto wake usanasuluke, chili ndi chizindikiro cha bungwe ndi chiwerengero chachikulu. Kuseri kwake maenje adali m'mizere yowongoka bwino, moti umadziwa kuti apa anthu adakhetsa thukuta. Ndidayenda mzere umodzi mpaka kumapeto. M'maenje ambiri mudali kamtengo kouma kotalika ngati chala, kena kodyedwa nsonga ndi ziweto, kena kowauka ndi moto wolusa, ndipo mwina mbande adaikwirira ndi chubu chomwe, pulasitiki wakuda akusuzumira m'dothi. Yamoyo ndidaiona, koma yowerengeka ndi zala. Chomwe chidandipweteka kwambiri n'chakuti chiwerengero cha pachikwangwani chija sichidali chabodza. Mitengoyo idadzalidwadi. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Zimenezi si za malo amodzi. Ku Sri Lanka, chitachitika chigumula cha tsunami cha mu 2004, kudalowa ndalama zambiri zodzalira mitengo ya mangrove, ija imamera m'matope a m'mphepete mwa nyanja yamchere. Ofufuza atayendera malo 23 omwe kudadzalidwa mitengoyi, adapeza, m'zotsatira zomwe adatulutsa mu 2017, kuti m'malo 9 simudatsale mtengo ngakhale umodzi, ndipo ndi m'malo atatu okha momwe mitengo yoposa theka idapulumuka. Chifukwa chachikulu chidali chakuti mbande zidaikidwa pomwe mtengowu sungamere, posaganizira momwe madzi a m'nyanja amakwerera ndi kutsika. Ku Turkey, pa 11 November 2019, boma lidatsogolera ntchito yodzala mitengo 11 miliyoni tsiku limodzi. Patangopita miyezi yochepa, bungwe loimira ogwira ntchito zaulimi ndi zankhalango lidanena kuti mbande zofika 90 pa 100 zilizonse zomwe anthu ake adaziyendera zidali zitauma chifukwa cha kuchepa kwa mvula. Boma lidatsutsa mwamphamvu. Koma taonani amene adayamba kulankhula: sadali amene adajambulitsa pa tsiku lodzala, adali ogwira ntchito.

Ife opereka tisadzichotsepo pa mlanduwu. Ndife amene timakonda kumva kuti ndalama yakutiyakuti idzala mtengo umodzi, chifukwa ndi masamu osavuta ndipo amatipatsa mtendere. Ndifenso, makamaka opereka akuluakulu, amene timapereka ndalama za pulojekiti ya chaka chimodzi kapena zitatu, pomwe mtengo umafuna zaka zambiri kuti uime pawokha, ndipo nkhalango imafuna mibadwo. Pulojekiti ikatsekedwa, lipoti lomaliza limalembedwa mbande zikadali zobiriwira. Bungwe limaphunzira msanga chomwe chimabweretsa ndalama, n'kumachita chomwecho.

N'chifukwa chake mawu a ogwira ntchito ndimawapatsa kulemera koposa. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Munthu amene amayenda m'nkhalango sabata ndi sabata amadziwa komwe misampha yachuluka, amadziwa mudzi womwe udasiya kubwera kumisonkhano ndi chifukwa chake, amadziwa ngati zomwe zalembedwa m'lipoti zikufanana ndi zomwe zili pansi. Nthawi zambiri amadziwa zimenezi miyezi kapena zaka bodi ya bungwe isanamve.

Ngakhale mabungwe otchuka akumanapo nazo. The Nature Conservancy, bungwe la ku America lomwe lidakhazikitsidwa mu 1951 ndipo ndi limodzi mwa aakulu kwambiri pa ntchitoyi, lidagwedezeka mu 2019 pomwe madandaulo a ogwira ntchito, okhudza nkhanza kwa akazi pantchito ndi momwe akuluakulu ankasamalira madandaulowo, adafufuzidwa. Atsogoleri angapo adachoka, kuphatikizapo mkulu wa bungwe lonse, Mark Tercek. Chaka chomwecho atolankhani a BuzzFeed News adatulutsa nkhani zoti alonda a nkhalango ena omwe ankathandizidwa ndi WWF, bungwe lina lalikulu loteteza zachilengedwe, m'mayiko monga Nepal, Cameroon ndi Democratic Republic of Congo ankazunza anthu okhala pafupi ndi malo otetezedwa. WWF idakhazikitsa gulu loima palokha lotsogozedwa ndi Navi Pillay, yemwe adakhalapo mkulu woona za ufulu wa anthu ku United Nations. Mu November 2020 gululi lidati silidapeze umboni woti antchito a WWF adalamula kapena kutenga nawo mbali pa nkhanzazo, koma lidapeza kuti bungweli lidamvapo za milandu ina ndipo silidachitepo kanthu mokwanira. Uthenga udalipo m'kati. Opereka ambiri, omwe ankalandira zithunzi za nyama zokongola m'zaka zonsezo, adaumvera m'nyuzipepala.

Tisamanenso chilungamo: ndi WWF yomweyo yomwe mu 2019 idatulutsa zotsatira za kafukufuku wofunsa alonda a nkhalango oposa 7,000 m'mayiko 28 za momwe amagwirira ntchito. Ambiri adadandaula za kusowa zinthu zoyambirira monga nsapato zoyenera, zipangizo zolumikizirana ndi madzi abwino akumwa akakhala paulendo wolondera. Bungwe likafunsa anthu a pansi n'kusindikiza mayankho awo ngakhale ndi owawa, limenelo ndi khalidwe lomwe ndikufuna kuona likufala.

Wina anditsutsa, ndipo ali ndi mfundo. Adzati wogwira ntchito nayenso amalankhula za m'mimba mwake. Wochotsedwa ntchito saona chabwino chilichonse. Wolandira malipiro abwino mu ofesi yozizira amayamikira bungwe lomwe mwina silinapulumutse ngakhale chitsamba. Amene akadali pantchito amaopa kulankhula, poti kontirakiti yake ndi ya chaka chimodzi. Ndiponso bungwe lingathe kukhala lowawa kugwirako ntchito koma likuteteza nkhalango, monga momwe lingakhalire losangalatsa koma lopanda phindu. Zonsezi n'zoona, ndipo sindikunena kuti aliyense wovala yunifomu ya bungwe akatsegula pakamwa tizilemba ngati lamulo.

Chofunika ndi kumvetsetsa kuti akudandaula za chiyani. Wina akamati bwana wanga ndi wamwano, ndi nkhani yofunika kuikonza, koma sikutiuza zambiri za njovu. Akamati tidauzidwa kulemba chiwerengero tisanawerenge, kapena tidadzala mtundu wa mtengo womwe tidachenjeza kuti sugwira kuno, kapena takhala miyezi osalondera mbali ina chifukwa galimoto ili ndi akuluakulu, pamenepo ndiye tchera khutu, makamaka ngati anthu angapo osadziwana akubwereza zomwezo. Ngakhale madandaulo a malipiro ndi ulemu sali kutali ndi nkhalango monga timaganizira. Ntchito yoteteza zachilengedwe imayenda pa kukhulupirirana, ndipo kuti anthu a m'dera akhulupirire mlangizi pamapita zaka. Akamachoka chaka chilichonse, wolowa m'malo amayambiranso kudzidziwitsa, ndipo zomwe mnzake ankadziwa zapita naye.

Palinso gulu lachitatu lomwe pokambirana za maganizo a opereka ndi ogwira ntchito limaiwalika: anthu okhala m'mphepete mwa nkhalangoyo. Iwowa sadapereke ndalama ndipo salandira malipiro, koma ndi amene minda yawo imadyedwa ndi nyama, ndi amene amauzidwa kuti kuyambira lero musalowe umu. Ndi omwenso adzatsale bungwe likadzanyamuka. Lipoti lomwe lili ndi mawu awo oyamikira okhaokha limandikayikitsa, chifukwa sindidaonepo mpanda womwe udakondweretsa aliyense.

Komabe ngakhale titamva onsewa, maganizo ndi maganizo. Pali funso limodzi lomwe palibe wopereka kapena wogwira ntchito angaliyankhe ndi mtima wokha: kukadakhala kuti bungweli kulibe, chikadachitika n'chiyani? Mu 2006 akatswiri awiri, Paul Ferraro ndi Subhrendu Pattanayak, adalemba m'magazini ya sayansi ya PLoS Biology kudandaula kuti ndalama zambiri zoteteza zachilengedwe zimagwiritsidwa ntchito popanda kuyeza mwanjira imeneyi. Mfundo yake ndi yosavuta. Bungwe likhoza kuloza nkhalango yowirira n'kunena kuti taiteteza, chonsecho nkhalangoyo ili paphiri lotsetsereka, kutali ndi msewu, komwe kudalibe wofuna kukalima. Ofufuza atayeza malo otetezedwa a ku Costa Rica powafananiza ndi malo ena ofanana nawo koma osatetezedwa, adapeza mu 2008 kuti chitetezocho chidathandizadi, koma ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 la nkhalango yotetezedwayo lomwe likadadulidwa chitetezocho chikadapanda kukhalapo. Njira zakale zowerengera zinkakuza phinduli kwambiri.

Kuyeza koona n'kotheka. Kumadzulo kwa Uganda, m'dera lomwe muli anyani a mtundu wa chimpanzi, ofufuza otsogozedwa ndi Seema Jayachandran adatenga midzi 121. Mwa maere, eni nkhalango m'midzi pafupifupi theka adalonjezedwa ndalama zokwana mashilingi a ku Uganda 70,000 pa hekitala pachaka ngati sadula mitengo, ndipo midzi inayo idasiyidwa monga idalili. Patatha zaka ziwiri adayang'ana zithunzi za satelayiti. M'midzi yolandira ndalama mitengo idachepa ndi 4.2 peresenti, pomwe m'midzi inayo idachepa ndi 9.1 peresenti. Taonani bwino pamenepa. Mlendo akadafika m'midzi yothandizidwayo n'kuona zitsa zatsopano, akadanena kuti pulojekiti yalephera. Mitengo idapitirirabe kudulidwa. Ndi kufananiza kokha komwe kudaonetsa kuti kudulako kudachepa ndi kupitirira theka. Maso a munthu mmodzi, kaya ndi wopereka kaya ndi wantchito, angathe kulakwitsa mbali zonse ziwiri: kuyamikira chosathandiza, kapena kunyoza chothandiza.

Ndikudziwa kuti bungwe laling'ono silingakwanitse kafukufuku wotere. Koma pakati pa kafukufuku wa midzi 121 ndi kuwerenga machubu pali mtunda wautali, ndipo zambiri za pamtundawo n'zotsika mtengo. Kubwerera pamalo patatha chaka ndi patatha zaka zitatu, kusankha mizere ingapo n'kuwerenga yamoyo, kumangofuna munthu, kope ndi mayendedwe. Kuyambira 2014 pali Global Forest Watch, komwe aliyense wokhala ndi intaneti angaone mwaulere momwe mitengo yachepera pamalo ena alionse padziko, kuchokera ku zithunzi za satelayiti. Ku yunivesite ya Cambridge kuli ntchito yotchedwa Conservation Evidence, yoyambitsidwa ndi William Sutherland, yomwe imasonkhanitsa zomwe zidayesedwa kale poteteza zamoyo zosiyanasiyana, n'kunena zomwe zidathandiza ndi zomwe sizidathandize. Nayonso ndi yaulere. Bungwe losayang'anako lisanayambe pulojekiti silinganamizire umphawi.

Musandimve ngati ndikuti musiye kupereka. Kutalitali. Ntchitoyi imabala zipatso ikagwiridwa bwino, ndipo umboni ulipo. Mu 2024 magazini ya Science idasindikiza kafukufuku wophatikiza zotsatira za mafukufuku 186, ndipo adapeza kuti pafupifupi kawiri pa katatu kalikonse, ntchito zoteteza zachilengedwe zidakonza zinthu kapena kuchepetsa liwiro la kuwonongeka poyerekeza ndi kusachita kanthu. Anyani akuluakulu a gorila a m'mapiri a Rwanda, Uganda ndi Congo, omwe ambiri ankaopa kuti atha, tsopano adapitirira 1,000, moti mu 2018 bungwe la IUCN, lomwe limasunga mndandanda wa zamoyo zomwe zili pangozi, lidawachotsa m'gulu la zamoyo zomwe zili pangozi yaikulu koposa, ngakhale akadali pangozi. Zimenezi tikuzidziwa chifukwa anthu adayenda m'mapiri mobwerezabwereza kwa zaka makumi, akuwerenga zisa ndi ndowe. Koma kawiri pa katatu kakutanthauzanso kuti kachitatuko sizidayende. Bungwe lomwe lagwira ntchito zaka zambiri koma lipoti lake lililonse likunena za kupambana kokhakokha, mwina siliyeza, mwina silinena.

Mayi aja ndidakhala nawo pansi. Sindidawauze kuti asiye kutumiza ndalama, ndipo sadasiye. Ndidangowapempha kuti, poti bungwelo limayankha makalata msanga, alilembere mafunso ena. Pa mitengo yomwe mudadzala zaka zitatu zapitazo, ndi ingati ili moyo lero, ndipo adawerenga ndani? Ndi pulojekiti iti yomwe mudaisiya mutaona kuti siikuthandiza? Wantchito wa kumunda akaona cholakwika, amakanena kwa yani popanda kuopa kuti kontirakiti yake ithera pomwepo? Poyamba adazengereza, ati kufunsa chonchi kuli ngati kuwanenera anthu kuti ndi akuba. Ndidawayankha kuti m'bungwemo muli anthu ngati mnyamata uja, omwe akhala akupempha zomwezi kwa zaka n'kumauzidwa kuti opereka sazifuna, ndipo kalata yawo idzawapatsa poimira. Adatenga cholembera. Pamapeto pa kalatayo adaonjezera mzere wawo womwe ine sindidawauze, wonena kuti ngati chosowa ndi mafuta okawerengera mitengo, ndalama zawo za chaka chino zipite kumeneko.